Pakamwa Pakatsekedwa, Mankhwala Apeze Njira Ina

Ana anga ndi adzukulu anga a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George kuno ku Lusaka, tcherani khutu ndikuuzeni nkhani ya m'wodi. Ife tinaleredwa ndi mwambo wakuti wodwala samugoneka ndi njala. Munthu akadwala, funso loyamba la aliyense wodzazonda ndi lakuti, "Kodi wadyako?" Akamva kuti wameza masipuni awiri a phala, mitima imakhala pansi. Akamva kuti wakana nsima, anthu amayamba kunong'onezana. Mwambo umenewu ndi wabwino, ndipo wadzutsa odwala ambiri amene akanafooka ndi njala matenda asanawathe.

Komatu ilipo nthawi imene adokotala amalamula kuti wodwala asalandire kanthu kalikonse pakamwa: chakudya ayi, madzi ayi, ngakhale piritsi. Pafayilo kapena pakapepala ka kumutu kwa bedi amalembapo zilembo zitatu, NPO. Apa ndi pamene mabanja athu amasokonezeka, ndipo amalakwa m'njira ziwiri. Ena amadyetsa wodwala mobisa. Ena amamvera lamulo, koma amangokhala chete pamene mankhwala amene munthuyo wakhala akumwa kwa zaka zambiri aima popanda wodziwa. Zonse ziwiri zingathe kutenga moyo. Mawu anga lero ndi akuti: pakamwa pakatsekedwa, mankhwala sayenera kuima mwangozi, ndipo wodwazika ndiye angathe kuonetsetsa kuti sanaiwalike.

Tiyambe ndi chifukwa chimene amatsekera pakamwa. Kukhosi kwa munthu kuli njira ziwiri zoyandikana, ya chakudya yopita m'mimba ndi ya mpweya yopita m'mapapo. Tikamameza, njira ya mpweya imadzitseka yokha kwa kamphindi, ife osadziwa n'komwe. Kadontho kakasochera timatsamwa, n'kutsokomola, kenaka kamatuluka. Koma kwa munthu amene wagwidwa ndi sitiroko, amene wakomoka, amene wagonetsedwa ndi mankhwala a kufiyeta, kapena amene malungo amukwera m'mutu, njira ya mpweya siitseka bwino. Ena satsokomola ngakhale pang'ono. Phala limangolowa m'mapapo mwakachetechete. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri thupi limatentha, mpweya umayamba kubanika, ndipo chibayo chimamugwira munthu amene anali kale wofooka.

Amene munapitako kuchipatala nthawi yoona odwala, izi munazionapo. Mayi wachikulire wagona, mbali imodzi ya nkhope yagwa, dzanja lamanja silikugwedezeka. Mwana wake wamkazi walawirira m'mamawa, wakwera minibasi ziwiri, wafika ndi fulasiki ya phala lothira nsinjiro. Akuyang'ana uku ndi uku, akuona kuti asisita ali kumapeto kwa wodi. Akutsegula fulasiki pansi pa chitenje. "Amayi, yasamani pang'ono. Kamodzi kokha basi." Phala lina likutsikira m'mbali mwa mlomo, iye akulipukuta ndi nsonga ya chitenje. Mayiyo akuyesa kuyankhula, koma mawu akumveka a madzimadzi, maso akulengeza misozi. Mwanayo akuganiza kuti amayi ake akulira chifukwa cha kuyamikira. Zoona zake n'zakuti phala lalowa kumene siliyenera kulowa. Mwana ameneyu si woipa mtima, ndi wachikondi kwambiri. Koma akuluakulu anati chifundo chinapha nkhwali.

Kusala kudya opaleshoni isanachitike nakonso kuli ndi mbiri yake. M'chaka cha 1946, dokotala wina wa ku New York, Curtis Mendelson, analemba za amayi 66, mwa amayi oposa 44,000 amene anaberekera pachipatala china kumeneko, amene za m'mimba mwawo zinabwerera n'kulowa m'mapapo atawagonetsa. Anaonetsa kuti chakudya cholimba chimatseka mpweya, ndipo madzi owawasa a m'mimba amawotcha mapapo. Kuyambira nthawi imeneyo lamulo losala kudya linakhazikika m'zipatala. Masiku ano kawirikawiri amati maola asanu ndi limodzi osadya chakudya, maola awiri osamwa madzi, koma wonena maola enieni ndi dokotala wogonetsa, amene wamuona wodwala wanuyo. Ngati wina wa inu wadyetsa kale mobisa, aulule msanga. Opaleshoni yosunthidwa tsiku ndi yopepuka kusiyana ndi maliro, pakuti madzi akatayika sawoleka.

Palinso amene matumbo awo apotana kapena atsekeka. Kwa iwowa chilichonse cholowa pakamwa chimangounjikana, mimba imatupa, kusanza kumakula, ndipo piritsi limene mwawapatsa silifika n'komwe m'magazi. Ena angosokedwa kumene matumbo ndipo akufunika kuwapumitsa. Ena khansa ya kummero, imene ndi yofala m'chigawo chathu chino cha Africa, yawatseka njira ya chakudya, ndipo ambiri a iwo amatumizidwa ku Cancer Diseases Hospital, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi chipatala cha UTH. Zifukwa ndi zosiyanasiyana, choncho masiku osala nawonso amasiyana. Wina ndi usiku umodzi, wina ndi sabata yathunthu.

Tsopano ndifike pa kulakwa kwachiwiri, kumene sikuoneka ndi maso. Munthu akafika ku chipatala cha Kanyama, Matero kapena Chawama ali wokomoka, kenaka n'kutumizidwa ku UTH kapena ku chipatala cha Levy Mwanawasa, dokotala womulandira amaona matenda a tsiku limenelo okha. Sadziwa kuti bambo ameneyu amamwa chiyani m'mawa uliwonse kunyumba. Wodwalayo sangathe kuyankhula. Khadi lake la kukiliniki latsala m'kabati ku George. Ngati inu odwazika simunena, mankhwala aja amangoima, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu pamabuka matenda achiwiri amene sanabwere nawo.

Taganizani za munthu wa khunyu amene wakhala zaka zambiri osagwa chifukwa cha phenobarbitone, carbamazepine kapena sodium valproate. Akadumphitsa masiku ochepa okha, khunyu imatha kubwerera mwamphamvu, kugwa kotsatizana kosamupatsa mpata wotsitsimuka, ndipo kugwa kotero kumawononga ubongo. Adokotala akadziwa, amatha kumupatsa mankhwala a khunyu a jakisoni mpaka atayambanso kumeza.

Wa shuga nkhani yake ili mbali ziwiri. Piritsi la glibenclamide likamwedwa m'mimba mulibe kanthu limagwetsa shuga mpaka munthu kukomoka, choncho wosala kudya amamusiyitsa. Metformin nayo kawirikawiri amayamba aimitsa ngati munthu akupita kufiyeta kapena ngati madzi amuthera m'thupi. Koma amene thupi lake silipanga insulini, insulini samuchotsera yonse ngakhale asakudya. Amangosintha muyeso, n'kumuika dripi ya madzi a shuga, n'kumamubaya chala pafupipafupi kuti aone mmene shuga ilili. Mukaona wodwala wa shuga akutuluka thukuta lozizira, akunjenjemera kapena akubwebweta, thamangirani kwa namwino. Musamutsanulire madzi a shuga m'kamwa munthu amene sakudziwa kanthu.

Mankhwala a BP ndi a mtima si amodzi onse. Atenolol ndi propranolol sasiyidwa mwadzidzidzi, chifukwa mtima umayamba kuthamanga ndipo BP imakwera. Ena, monga enalapril, adokotala amatha kuwaimitsa dala tsiku la opaleshoni. Pa mtundu wina wa sitiroko amaisiya dala BP ili yokwererapo masiku oyamba, kuti magazi azifikabe ku mbali ya ubongo imene yavulala. N'chifukwa chake si bwino kutulutsa piritsi m'chikwama n'kumumwetsa wodwala chifukwa chakuti mwaona manambala a makina akwera. Amene wamwa prednisolone kwa miyezi yambiri, thupi lake limakhala litazolowera, ndipo akasiya mwadzidzidzi BP imagwa n'kufookeratu. Amafunika jakisoni wa hydrocortisone m'malo mwake. Amene amamwa warfarin kapena aspirin, dokotala wa opaleshoni ayenera kudziwa asanagwire mpeni, chifukwa magazi awo sachedwa kutayika.

Pali mankhwala ena amene timawatchula motsitsa mawu. Kuyambira 2004, makiliniki a m'makomboni a Lusaka anayamba kupereka ma ARV, ndipo lero abale athu ambiri ali ndi moyo, akulera ana ndi adzukulu, chifukwa cha piritsi limodzi patsiku. Komabe ena amawabisa m'botolo la mankhwala ena, ndipo ngakhale wa m'nyumba mwawo sadziwa. Inu amene mukudziwa, musaulutse nkhaniyo pakati pa wodi, koma musaikwirirenso. Itanirani namwino pambali, mumuuze. Ma ARV akaima kwa nthawi, kachilombo kamachulukanso ndipo kangathe kuphunzira kupirira mankhwalawo. Kwa amene alinso ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, kusiya tenofovir ndi lamivudine kungadzutse matendawo mwaukali. Mankhwala a TB nawonso safuna kudukiza. Nthawi zambiri njira imapezeka: pena wogonetsa amalola piritsi ndi kamadzi kochepa, pena amadutsitsa pa paipi ya m'mphuno, pena amasintha mtundu. Koma sangafune njira ya chinthu chimene sanauzidwe.

Mowanso nenani. Bambo amene amamwa kachasu tsiku ndi tsiku akagonekedwa, patsiku lachiwiri kapena lachitatu amayamba kunjenjemera, kuona zinthu zimene palibe, kuzula dripi, mwinanso kugwa ngati wa khunyu. Abale amati wapenga, ena amati amulodza. Pamene vuto ndi lakuti thupi lasowa mwadzidzidzi chimene linazolowera, ndipo adokotala akadziwiratu amamuteteza ndi diazepam ndi vitamini wa thiamine. Zitsamba zimene wakhala akumwa, zochokera kumudzi kapena zogula pamsika, muzitchulenso. Wobisa matenda, maliro ndiwo amamuulula, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Nanga mankhwala alowera kuti pakamwa patatsekedwa? Njira zilipo zingapo. Yodziwika kwambiri ndi dripi. Ife a ku Lusaka sitifunika kuuzidwa mphamvu yake. Kolera itabuka mu Okutobala 2023 n'kukula mu Januwale 2024, boma linasandutsa National Heroes Stadium kukhala malo ochizirapo odwala, ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa. M'dziko lonse anthu oposa 700 anamwalira. Amene ankatha kumwa ankapatsidwa madzi a ORS, koma amene anafika akusanza chilichonse, maso atalowa m'kati, anadzutsidwa ndi madzi olowera mumtsempha. Njira imeneyi inayambanso chifukwa cha kolera yomweyo: mu 1832 dokotala wa ku Leith m'dziko la Scotland, Thomas Latta, anayesa kulowetsa madzi a mchere m'mitsempha ya odwala kolera amene anali pafupi kutsirizika. Masiku ano, pa kanula wa dripi amalowetsaponso mankhwala opha tizilombo, oletsa ululu, oletsa kusanza ndi ena ambiri.

Wa malungo aakulu, amene mwina wabwera nawo kuchokera kumudzi ndipo sangathe kumeza Coartem, amabayidwa artesunate: pofika, pakapita maola 12, pakapitanso maola ena 12, kenaka kamodzi patsiku mpaka atatha kumwa. Mankhwala ena amabayidwa mumnofu, ena pansi pa khungu, ena amaikidwa kunsi kwa lilime. Enanso amalowetsedwa kumbuyo, njira ya chimbudzi, monga paracetamol, diclofenac, kapena diazepam wa mwana amene akukomoka. Ndikudziwa kuti njira imeneyi ambiri imawachititsa manyazi ndipo ena amaikana. Musaikane. Kumeneko kuli mitsempha imene imatenga mankhwala n'kuwalowetsa m'magazi, ndipo mwana amene akusanza angapeze mpumulo umene sakanaupeza ndi sipuni. Makolo anati khotekhote n'ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Kumene tikulinga n'kwakuti mankhwala afike m'magazi pa nthawi yake ndi pa muyeso wake.

Za dripi ndikuchenjezeni zinthu ziwiri. Kagudumu kosinthira liwiro musakakhudze. Ena amakatsegula kuti botolo lithe msanga, osadziwa kuti madzi othamanga angadzaze mapapo a munthu wa mtima wofooka, ndiponso kuti mankhwala ena amapha akalowa mofulumira. Chachiwiri, mukaona dzanja latupa pamene pali kanula, lafiira, kapena madontho aima, itanani namwino, chifukwa mankhwala amene akuthera m'mnofu kapena m'botolo sakumuthandiza wodwala.

Tsopano nkhani ya paipi ya m'mphuno, imene anthu athu amaiopa kwambiri. M'makomboni mumamveka mawu akuti, "Akangomuika paipi ndiye kuti wapita." Mabanja ena amakana, ena amaizula usiku. Ana anga, ganizani bwino. Paipi amaika odwala amene matenda awakulira kale, n'chifukwa chake ena a iwo amamwalira ali nayo. Chawapha ndi matenda amene anachititsa kuti paipi ifunike. Amene anachira atadyetsedwa pa paipi aliponso ambiri, koma akabwerera kwawo palibe amene amawatchula pamaliro kapena pachitsime. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Musakane chithandizo cha mayi wanu chifukwa cha nkhani ya m'minibasi.

Dziwaninso kuti paipi imeneyi ili ndi ntchito ziwiri. Kwa wa sitiroko ndi yolowetsera chakudya ndi mankhwala. Kwa amene matumbo atsekeka ndi yotulutsira zimene zadzaza m'mimba, ndipo mumaona kathumba kakulendewera kumapeto kwake. Mu paipi yotereyi simuthiridwa phala ngakhale pang'ono. Funsani kuti ya wodwala wanu ndi ya ntchito iti.

Namwino akamapereka mankhwala pa paipi, imani pafupi muonetsetse, chifukwa mwina mudzachita zomwezo kunyumba. Amayamba wadzutsa wodwala kuti akhale chotsamira. Amayang'ana chizindikiro cha pa paipi pamene yatulukira m'mphuno, kuona ngati siyasuntha, ndipo amakoka timadzi ta m'mimba ndi sirinji kuti atsimikize kuti nsonga yake ili m'mimba osati m'mapapo. Amatsukuluza ndi madzi oyera. Piritsi lililonse amaliphwanya palokha mpaka likhale ufa wosalala, n'kulisungunula m'madzi, n'kulilowetsa, n'kutsukuluzanso asanaike lina. Sasakaniza mapiritsi onse m'kapu imodzi, ndipo sawathira m'phala kapena mumkaka, chifukwa ena, monga ciprofloxacin ndi phenytoin, amagwirana ndi chakudya cha mkaka n'kuchepa mphamvu. Akamaliza, wodwala amakhalabe chotsamira kwa theka la ola kapena kuposerapo. Paipi ikasololoka, musaikankhire m'kati nokha. Imatha kukhotera m'mapapo inu osadziwa.

Si piritsi lililonse limene limaphwanyidwa. Nifedipine amene ambiri a inu mumamwa chifukwa cha BP, uja wolembedwa kuti retard, anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Mukamuphwanya, mphamvu ya maola onsewo imalowa nthawi imodzi, BP imagwa mwadzidzidzi, kenaka munthu amakhala wopanda chomuteteza mpaka nthawi ya piritsi lina. Morphine wa mtundu womwewo akaphwanyidwa angaimitse kupuma. Mukaona zilembo SR, CR, XL kapena EC pa paketi, imani kaye. Ma EC ali ndi chikuto choteteza mankhwala ku madzi owawasa a m'mimba, kapena choteteza mimba ku mankhwalawo. Wodziwa bwino zimenezi ndi wa kufamase, ndipo iye ndi adokotala angakupezereni mankhwala amadzi kapena mtundu wina wololedwa kuphwanya.

Ntchito yanu tsono, inu odwazika, ndi yotani? Yoyamba ndi kusonkhanitsa mankhwala onse a wodwala, m'mapaketi awo enieni, pamodzi ndi makhadi a kukiliniki, n'kuwaonetsa kwa namwino ndi adokotala tsiku loyamba. Yachiwiri ndi kufunsa. Safunsa anadya phula. Adokotala akamayendera odwala m'mawa, imirirani mwaulemu munene kuti, "Adokotala, pepani, bambo athuwa amamwa mankhwala awa tsiku lililonse. Popeza sakumeza, ndi ati amene aime, ndi ati amene alowe njira ina?" Funsaninso kuti asala mpaka liti, ndipo ndani adzanene kuti ayambe kumwa. Opaleshoni ikasunthidwa, monga zimachitikira pakabwera wina wa ngozi, musangokhala. Funsani ngati wodwala angadye ndi kumwa mankhwala ake podikira tsiku lina, chifukwa pali anthu amene amasala masiku angapo otsatizana kaamba kakuti palibe anakumbukira kuchotsa kapepala ka NPO kaja.

Khalani ndi kabuku kakang'ono. Muzilembamo zimene adokotala anena, mankhwala amene alowa ndi nthawi yake. Mukamasinthana, wa usana ndi wa usiku, muzipatsirana kabukuko, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo zonena pakamwa zimasintha zikadutsa anthu atatu. Ngati jakisoni wa nthawi inayake sanabwere, kumbutsani mofatsa. Namwino mmodzi amakhala ndi odwala ambiri, ndipo wodwazika waulemu amene amakumbutsa ndi mnzake pantchito.

Pena mankhwala amatha m'chipatala ndipo mumapatsidwa kapepala kuti mukagule. Gulani chimene chalembedwa, mtundu wake ndi mphamvu yake, ku famase yololedwa ndi bungwe la ZAMRA, osati pa kantemba kapena pamsika. Ngati alemba jakisoni, musabwere ndi mapiritsi chifukwa chakuti ndi otsika mtengo. Ndalama zikapereweza, bwererani mukauze adokotala zoona. Angathe kulemba mankhwala ena ogwira ntchito yofanana. Amene muli ndi inshuwalansi ya NHIMA, funsani ngati mankhwalawo angapezeke kudzera kumeneko musanakongole.

Manja anu asasowe chochita chifukwa chakuti sipuni yaletsedwa. Wosala kudya amauma m'kamwa, milomo imang'aluka, lilime limachita zoyanga. Nyowetsani kansalu koyera, mukafinye bwino, mumupukute milomo, nkhama ndi lilime kangapo patsiku, kenaka mupake Vaseline pamilomo. M'kamwa moyera mumachepetsanso tizilombo timene tingatsikire m'mapapo. Mutembenuzeni pafupipafupi kuti asachite zilonda za pabedi. Muyankhuleni, mumutchule dzina, mumuuze za kunyumba. Akakupemphani madzi ndi maso achisoni, mufotokozereni chifukwa chake, ndipo mukauze namwino kuti ali ndi ludzu, mwina dripi ikufunika kuwonjezedwa.

Kwa inu amayi a Chigwirizano, a Dorika, ndi magulu onse a mipingo amene mumayendera odwala, Mulungu akudalitseni chifukwa cha ntchito yanu. Koma musanatsegule botolo la maheu kapena munkoyo, funsani wodwazika ngati wodwalayo akuloledwa. Pempherani naye, mugwireni dzanja, koma madzi kapena mafuta opemphereredwa musamumwetse munthu amene waletsedwa kumeza. Mapapo sasiyanitsa madzi. Chakudya chimene mwanyamula patsani wodwazika, amene mwina wagona pa benchi osadya. Sopo, matewera a akulu ndi ndalama ya minibasi zimathandiza banja lotero kuposa zakumwa.

Nanunso ana athu a m'zipatala, anamwino, madokotala ndi a kufamase, ndikudziwa kuti ntchito yakuchulukirani. Komabe zilembo zitatu zija za NPO sizinena kanthu kwa gogo wa ku Chawama. Mphindi imodzi yofotokoza m'Chinyanja, m'Chibemba kapena m'Chitonga kuti phala lingalowe m'mapapo imaletsa zambiri kuposa kukalipa mutapeza fulasiki pansi pa bedi. Wodwazika wokalipiridwa amaphunzira kubisa, pamene wofotokozeredwa amakhala mlonda wanu. Polemba kuti wodwala asadye, lembaninso chifukwa chake, tsiku loonanso, ndi njira ya mankhwala aliwonse amene anali kumwa. Ndipo funso lakuti, "Kunyumba amamwa chiyani?" lisadumphidwe ngakhale wodi itadzaza bwanji.

Tsiku lotsegula pakamwa likafika, musathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa wa sitiroko, namwino kapena katswiri amayamba wamukhazika tsonga, n'kumuyesa ndi kasipuni ka madzi, akumvetsera ngati akutsokomola kapena ngati mawu asintha. Ambiri amameza bwino phala lokhuthala pang'ono kusiyana ndi madzi, chifukwa madzi amathamanga kukhosi. Wa opaleshoni ya matumbo amayamba ndi zamadzimadzi, nsima imabwera pambuyo. Potuluka m'chipatala, funsani kuti mwa mankhwala akale aja ndi ati ayambirenso, ndi ati asinthidwa, ndi ati asiyidwiretu, kuti wodwala asamamwe akale ndi atsopano a ntchito imodzi. Wa malungo amalize Coartem wa masiku atatu ngakhale akumva bwino.

Sindingabise kuti ena sadzayambanso kumeza. Munthu akafika kumapeto kwa ulendo wake, thupi lenilenilo limaleka kufuna chakudya, ndipo kumukakamiza kumangomutsamwitsa. Banja lisadziimbe mlandu kuti lamupha ndi njala. Chimene muyenera kumupemphera nthawi imeneyo n'chakuti asamve ululu. Morphine angaperekedwe pansi pa khungu kapena mumtsempha, ndipo kupempha zimenezi si kufulumizitsa imfa ya m'bale wanu koma kumulemekeza.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Sitiroko, ngozi ya pamsewu ndi kupotana kwa matumbo sizipangana ndi munthu, ndipo tsiku limenelo palibe amene adzakhale ndi mutu wokumbukira maina a mapiritsi. Choncho m'nyumba iliyonse mmene muli womwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, khalani pansi sabata ino. Lembani papepala dzina la mankhwala aliwonse, mphamvu yake, nthawi yomwera, ndi kiliniki imene amakatenga. Ikani pepalalo m'kapulasitiki pamodzi ndi makhadi, pamalo amene anthu awiri a m'nyumbamo akudziwa. Inu amene mumamwa mankhwala mwachinsinsi, sankhani munthu mmodzi wokhulupirika mumuuze. Tsiku limene simudzatha kuyankhula, iyeyo ndiye adzakuyankhulireni kwa adokotala.